Mwana Amene Anaiŵala Zimene Anabwereka

Pamene ndinali pa nyengo yoyeserera kuphunzitsa, anandipatsa Sitandade 5 pa sukulu ina yakumudzi. Ndinapita kumeneko ndi chizoloŵezi chimene ndinatengera kwa aphunzitsi anga akale. M'maŵa uliwonse ndinkaimiritsa ana onse ndi kuwaponyera masamu apakamwa mmodzimmodzi. Wokhoza ankakhala pansi, wolephera ankatsala chiimire. Njirayi ndinkainyadira, popeza m'kalasi munkangoti zii, ndipo ine bata limenelo ndinkaliyesa chizindikiro cha kuphunzira.

M'kalasimo munali mtsikana wina wofatsa amene masamu a m'kope mwake ankakhala okhoza pafupifupi onse. Tsiku limene mphunzitsi wathu wa ku koleji anabwera kudzandiyesa, ndinamsankha dala mwanayo kuti andichotse manyazi. Ndinati, "Iwe, 52 kuchotsera 17." Iye anayang'ana mlendoyo, nayang'ana pansi, ndipo patapita kanthaŵi anati, "45, aphunzitsi." Anzake anaseka. Mtima wanga unawawa, ndipo ndinamfunsa pamaso pa onse kuti kodi masamu a m'kope mwake ankamlembera ndani. Mwanayo anagwetsa misozi osayankha. Phunziro litatha, mlendo uja ananditengera pambali nati, "Aphunzitsi, kodi mwaona kuti inunso munadumpha gawo lachiŵiri la phunziro limene munakonza nokha?" Zinalidi zoona. Gawolo ndinalikonza usiku wonse, koma nditaona munthu wogwira cholembera kumbuyo kwa kalasi, linangondithaŵa m'mutu.

Taonani bwino yankho la 45, anzanga ophunzira uphunzitsi. Si yankho la munthu wongolota. Mwanayo anabwereka khumi, nachotsa 7 pa 12, napeza 5. Chimene anaiŵala ndi chakuti pa 5 wa kumanzere panatsala 4. Njira yonse ankaidziŵa. Chinamtayika ndi kanthu kamodzi kamene anayenera kukasunga m'mutu kwa kamphindi chabe.

Akatswiri a maganizo a munthu amasiyanitsa mitundu iŵiri ya chikumbumtima cha zinthu. Zimene tinaphunzira kale zili ngati chimanga cha m'nkhokwe, koma zimene tikugwiritsa ntchito panthaŵi yomweyo zili ngati mtedza wa m'chikhatho, mmene simuloŵa zambiri. Alan Baddeley ndi Graham Hitch analongosola chikhatho chimenechi m'chaka cha 1974. Mwana akachita mantha, maganizo akuti "andiseka" kapena "andikalipira" amaloŵa m'chikhatho momwemo, ndipo mtedza wina umagwa.

Chimene chinandidabwitsa nditaŵerenga pambuyo pake ndi ichi: m'chaka cha 1993, Clemens Kirschbaum ndi anzake pa yunivesite ya Trier ku Germany anafalitsa njira yodzetsera nkhaŵa mwadala mwa anthu ofufuzidwa. Munthu amamuimiritsa pamaso pa oweruza osamwetulira, namuuza kuti aziŵerenga chobwerera kuchokera pa 1022, kuchotsera 13 nthaŵi iliyonse, mokweza mawu, akaphonya, ayambirenso. Mtima umagunda mofulumira, ndipo kotizolo, mchere wa m'thupi wobwera ndi nkhaŵa, amachuluka. Kunena mosabisa, chimene akatswiriwo anachikonza kuti chiopseze akuluakulu ndi chomwe ine ndinkachitira ana a zaka khumi ndi chimodzi m'maŵa uliwonse, ndi kumachitcha kuphunzitsa.

Ena anapitirira pamenepo. Pali pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ACT-R, imene John Anderson ndi anzake anakonza pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, yotsanzira mmene munthu amakumbukirira ndi kuganizira. Frank Ritter ndi anzake anaipatsa ntchito yochotsera manambala yonga yomweyi. Pofuna kuti ifanane ndi anthu osiyanasiyana amene anagwira ntchitoyo ali pampanipani, iwo sanaichotsere chidziŵitso cha masamu ayi. Ankangosintha zinthu monga changu chotulutsira zimene ikudziŵa ndiponso chisokonezo cha m'kukumbukira kwake, ndipo liŵiro ndi zophonya zake zinkasintha. Kompyuta ilibe mtima wogunda, ndipo sindikhulupirira kuti ingatiuze zonse za mwana wa m'kalasi. Komabe phunziro lake kwa ife ndi lomveka: nkhokwe ikhoza kukhala yodzaza, koma yankho lotuluka pakamwa nkukhala lolakwa.

Palinso china choŵaŵitsa mtima. Sian Beilock ndi Thomas Carr anapeza m'chaka cha 2005 kuti pa masamu ovuta, ophunzira a chikhatho chachikulu ndiwo amatsika kwambiri akapanikizidwa, chifukwa ndiwo amadalira kusunga zambiri m'mutu. Motero njira yanga ija inkagwetsa makamaka ana amene ndinayenera kuwanyadira.

Sindikunena kuti masamu apakamwa athe, kapena kuti kalasi ikhale yopanda changu. Kampikisano pang'ono kamadzutsa ana pa ntchito imene aizoloŵera, monga kutchula matebulo. Koma pa samu yofuna kubwereka kapena kunyamula, ndinayamba kufunsa kalasi yonse poyamba, ndi kudikira mwakachetechete, ndi kulola kuti aliyense alembe pa kapepala asanayankhe. Kuimiritsa olephera ndinakusiyiratu.

Mlungu wotsatira ndinampatsa mtsikana uja masamu khumi ochotsera, ndi kumkhazika yekha pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi anzake. Anakhoza onse. Ndinampepesa, ndipo iye anangoti, "Zikomo, aphunzitsi," maso ali pansi. Ndinakhala pa sukuluyo milungu ina isanu, koma mwanayo sanakwezenso dzanja m'phunziro langa mpaka tsiku limene ndinatsazika.