Dzina langa silidalembedwe pa kaseti ija

Sabata yatha ndidakwera minibasi kuchoka pa boma la Mangochi kubwerera kwathu ku Nkopola. Tili m'njira, dalaivala adaika nyimbo ina yakale. Anthu adayamba kugwedeza mitu, mayi wina pambali panga n'kumaimba nawo. Ine ndidangoti zii. Besi imene inkagunda m'nyimbomo ndidaiimba ndine, koma m'minibasimo mudalibe wodziwa.

Ndili mnyamata ndinkaimba m'bandi yosangalatsa alendo m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Tsiku lina woimba wina adandipempha kuti ndikamuthandize kujambula chimbale ku Blantyre. Iye adangobwera ndi mawu ndi kamaimbidwe ka pakamwa. Ndidakhala naye masiku anayi, kusanja poyambira nyimbo, polowa gitala, poyankha amayi. Titamaliza adandipatsa ya thiransipoti n'kunena kuti, "Achimwene, zikayenda sitikuiwalani." Zidayendadi. Kaseti idagulidwa, nyimbo zidamveka pa wailesi, koma pachikuto padalibe dzina langa. Nditamufunsa, adandiyankha kuti, "Tidalemberana pati?"

Sindikulemba izi pofuna kudandaula. Mlandu wina ndi wanga, safunsa adadya phula. Ndikulemba chifukwa mwana wa mlongo wanga wagula kiyibodi ndi kompyuta, akuti akufuna akhale pulodyusa, ndipo mayi ake sakugona nazo tulo.

Ndidawauza achemwaliwo kuti ntchitoyi si yachibwana. Taonani a Paul Banda a ku Balaka, amene adayambitsa Alleluya Band mu 1978. Situdiyo yawo ya Imbirani Yahwe idatulutsa nyimbo zambiri zimene tidavina m'zaka za m'ma 1990, mpaka anthu n'kumazitcha kuti nyimbo za ku Balaka. Mng'ono wawo Lucius, amene adatisiya mu 2024, adakulira m'manja mwawo. Malemu Joseph Tembo nawo adajambula oimba ambirimbiri asanamwalire mu 2019. Chikondwerero cha Lake of Stars chitachitikira kuno ku Nkopola mu 2010, ine maso anga adali pa anyamata a ng'oma ndi magitala kumbuyo kwa oimbawo, poti ndi amene amanyamula nyimbo.

Koma mnyamatayo ndidamukhazika pansi. Ndidamuuza kuti asanakhudze chida, agwirizane kaye mtengo, ndipo zilembedwe papepala, ngakhale la m'kope la sukulu, onse awiri asaine pamaso pa mboni. Anene poyera ngati akulipidwa kamodzi kokha kapena ali ndi gawo pa nyimboyo. Dzina lake lilembedwe paliponse pamene nyimbo yaikidwa, kaya pa CD kaya pa YouTube. Ngati wapeka kapena kusanja nyimbo, akalembetse ku Cosoma, bungwe limene lakhala likutolerera oimba ndalama kuyambira mu 1992. Amene sali m'mabuku awo, ndalama imamudutsa.

Ambirife timachita manyazi kukamba za ndalama ndi mnzathu, makamaka wa mpingo umodzi. Manyazi amenewo ndiwo adandidyetsa ine njala. Ubale weniweni suopa pepala.

Inu makolo, mwana akakonda zida musamuthyolere gitala. Muphunzitseni kuwerenga zimene akusaina. Ndipo inu oimba otchuka, mukaima kutsogolo anthu akuombera m'manja, tembenukani pang'ono mutchule maina a ali kumbuyo kwanu. Mutu umodzi susenza denga.