Paipi yaitali, ndalama zochepa

Kuno ku Chitawira nyumba zambiri zili ndi boizikota kuseri, ndipo eni ake akufuna intaneti ya pa rauta ya m'nyumba yaikulu izifika komweko. Zokumba ngalande ndi kuyala paipi ya PVC sindichedwapo, aliyense angathe. Luso lili pa kukoka waya.

Anyamata otchipa amagula paipi ya mamilimita 20, n'kuikhotetsa paliponse, kenako n'kumakoka waya ngati akukoka mbuzi yokana kulowa m'khola. Waya wa intaneti wa Cat6 safuna zimenezo. Mphamvu yokokera ikapitirira makilogalamu 11, timawaya 8 tam'kati, topotana tiwiritiwiri, timatamuka, intaneti n'kuyamba kudukaduka. Ine ndimaika paipi ya 25, ndipo makona akakwana anayi ndimaikapo bokosi lotsegula.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi bambo ena achikulire a ku Limbe, amene ndinkawanyamulira makwerero. Iwo sankagula draw wire wautali. Ankamangirira kajumbo kunsonga ya twaini, kukalowetsa m'paipi, n'kuika makina okoka fumbi mbali inayo. Kajumboko kankathamanga m'kati mpaka kutulukira, twaini ali pambuyo. Pomanga waya ku twainiyo ankakulunga tepi mosongoka kuti asakodwe pa joini. Okha ankaima polowera, akuwongola waya ndi zala asanalowe, ine ndili kotulukira. "Mwanawe, mwini ntchito ndi wolowetsa, wokoka angomvera," ankatero. Waya akalimba ankandiuza ndibweze pang'ono, osalimbana naye. Girisi sankalola, poti amadya chikopa cha waya. Ndipo sankachoka osasiya twaini wina m'paipi, kuchitira mmisiri wam'tsogolo.

Makasitomala ndiye amanditopetsa. Munthu amabwera ndi katoni ya mamita 305 ya mtengo wotsika, ati wapulumutsa ndalama. Ndikapala ndi mpeni kawaya kamodzi, pansi pa kopa pamaoneka zoyera: ndi CCA, aluminiyamu wongokutidwa. Ameneyu amathyoka pokoka, ndipo ukamuikira kamera ya PoE, yolandira magetsi kudzera m'waya yemweyo, amatentha. Mamita 100 amene waya weniweni amakwanitsa, iye sangawafike bwino.

Ena amati, "Amisiri, tangodutsitsani m'paipi ya magetsi yomweyi." Ndimawayankha kuti, "Ayi bwana, pamenepo itanani wina." Akaitanadi, mvula ya Januwale ikalowa m'majoini osamata, amandiimbiranso foni, ndipo kufukula paipi ya munthu wina ndimalipiritsa padera.