Za mapedulo a njinga yako ya ku Zomba

Chilobwe, Blantyre

Wokondedwa mwana wanga,

Dzulo pomanga katundu wako panali anthu ambiri, ndiye za njinga ija sindinakuuze bwino. Za mapemphero ndi za anzako oyenda nawo amayi ako anena kale. Ine zanga n'za mapedulo. Zaka zonse zimene ndakhala ndikukonza njinga m'tsinde mwa phiri la Soche muno, ndaona anthu ambiri akubwera ndi mabala m'miyendo, ndipo ukawafunsa amati phazi linaterereka.

Apulasitiki amene anabwera ndi njingayo uwachotse. M'tauni alibe vuto, koma pamwamba pa phiri la Zomba pamakhala nkhungu ndi mvula, ndipo pulasitiki ikanyowa n'kupakika matope imaterera ngati sopo. Arabala aja a njinga za kabaza ndi olimba, koma ntchito yawo ndi ya kuchidikha.

Ugule achitsulo otambalala, okhala ndi timano pamwamba. Timanoto timaluma nsapato iliyonse ya rabala yofewa pansi, ngakhale ya pa kaunjika ku Limbe. Ukaphonya timalumanso msongolo, choncho uzivala sokosi zazitali.

Alendo amene uziwaperekeza ku Chingwe's Hole udzawaona ndi timapedulo ting'onoting'ono tokola nsapato, monga ta Shimano totchedwa SPD, tomwe tinayamba mu 1990. Kunsi kwa nsapato kumakhala kachitsulo kolowa m'pedulo, ndipo kuti phazi lituluke umapotoza chidendene chakunja. Pokwera chitunda timathandizadi, zimenezo sindikana. Koma timafuna nsapato zakezake zodula, ndipo munthu wosazolowera akaima mwadzidzidzi amagwera limodzi ndi njinga, mapazi ali chikolere. Ndikaganiza za iwe uli pa kanjira kopapatiza, mbali inayo kuli phompho, tulo sindilipeza. Ndikufuna phazi lako lizifika pansi nthawi yomweyo pamene mtima wagunda. Usachite manyazi pamaso pa alendowo kuti ako ndi mapedulo wamba. Iwo akudalira iwe wodziwa njira. Chaka chikatha, phirilo utalidziwa, ukhoza kudzatiyesa, koma udzayambire pa bwalo la udzu.

Pomanga mapedulo uyang'ane zilembo L ndi R. Lakumanja limamangika monga bawuti iliyonse, koma lakumanzere limamangika mobwerera. Ambiri amene sadziwa zimenezi amalikakamiza mpaka kuwononga. Upake girizi, uyambe kuzunguliza ndi zala, sipanala ibwere pomaliza. Loweruka lililonse uziwagwedeza. Ukamva kuti akusewera kapena akulira, usadikire kuti udzabwere nawo kuno pa Khirisimasi.

Sipanala yanga ya 15 ndaiika m'chikwama chako, kunsi kwa bulangeti. Ukatsika minibasi utiimbire.

Ndine,
Bambo ako