Tikiti ya ku Duomo: kalata yochokera ku Amaramba

Amaramba, Mecanhelas

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Uthenga wako unafika Lachisanu madzulo pa foni ya mlongo wako. Anachita kukwera pachulu paja pa kuseri kwa khola kuti netiweki igwire, kenako anandiwerengera ndili pakhonde. Kuno tonse tadzuka bwino. Mwendo wa agogo ako aakazi uja wayamba kupepuka, moti ayambanso kupita kudimba. Madzi a m'nyanja atsika, asodzi akudandaula kuti makumba achepa, koma matemba akupezeka ndithu.

Wati mukatsekera sukulu ukwera sitima kuchoka ku Torino kupita ku Milano kukaona tchalitchi chachikulu chija chotchedwa Duomo, ndipo poti ine ndinafikako, ndikusankhire tikiti pa matikiti onse amene wandilembera. Nkhaniyi ndagona nayo masiku awiri, chifukwa yandikumbutsa chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero.

Ndiyambe ndi mawu ako omaliza aja, ofunsa kuti zingatheke bwanji munthu kulipira kuti alowe m'nyumba ya Mulungu. Ukanapanda kufunsa zimenezo ndikanadabwa nawe. Dziwa kuti wopita kukapemphera salipira. Pali khomo lake la opita ku Misa ndi kokalapa, ndipo pamenepo palibe amene angakutambasulire dzanja. Tikiti ndi ya amene akupita kukayendayenda, kukaona ndi kujambula. Ngati likhale Lamulungu, yamba walowa ngati mkhristu, uchite Misa, utuluke, kenako ubwerenso ndi tikiti yako ngati mlendo. Misayo ukaiona ikuyenda mosiyana pang'ono ndi imene unazolowera, usadabwe: a ku Milano amatsata mwambo wa Ambrósio Woyera, moti ngakhale Adiventi yawo imatenga masabata 6 pamene yathu ndi 4. Chimene sindikufuna kumva n'choti unalowera khomo la opemphera kuti uzembe kulipira, n'kuyamba kujambula uli m'kati. Kumeneko ndi kunama pakhomo pa tchalitchi.

Ndalama ya tikitiyo ili ndi kopita. Tchalitchicho anayamba kuchimanga mu 1386, ndipo chaka chotsatira wolamulira wa Milano, Gian Galeazzo Visconti, anakhazikitsa bungwe loyang'anira ntchitoyo, Veneranda Fabbrica del Duomo. Bungwelo lilipobe mpaka lero. Chitseko chomaliza cha kumaso anachitsegulira mu 1965. Werengera wekha zaka zimenezo, uone kuchuluka kwa amisiri amene anafa asanaone mapeto a zimene ankasema. Mwala wake ndi marble wa ku Candoglia, woyera wopendekera ku pinki. Umaoneka wolimba, koma mvula ndi utsi wa mumzinda zimaudya pang'onopang'ono, ndiye chaka ndi chaka amachotsa zidutswa zofumbwa n'kusema zina kuchokera ku phiri lomwe lija. Ukukumbuka mmene tinasonkhera za malata mphepo itasasula denga la tchalitchi chathu kuno, wina chitini cha mpunga, wina nkhuku, wina mulu wa milamba yowamba. Tikiti yakoyo uione ngati chitini cha mpunga chimenecho, ndipo uipereke ndi mtima umodzi.

Ine monga munthu wa kunyanja, chimene chinandikhudza nditamva mbiri yake n'choti miyalayo inkabwera pamadzi. Inkatsika mtsinje wa Toce, kudutsa nyanja ya Maggiore, kulowa mu Ticino, kenako m'ngalande yokumbidwa ndi anthu yotchedwa Naviglio Grande mpaka kufika mumzinda. Katunduyo ankamulemba zilembo zitatu, AUF, zosonyeza kuti ndi wa ntchito ya tchalitchi, kuti asalipitsidwe msonkho panjira. Iwe unakula ukuona amalume ako akukankha bwato lodzaza matumba a chimanga ndi nsungwi yaitali pakati pa mabango, kulowera ku Chiuta. Ukudziwa mmene bwato lolemedwa limavutira. Ukamakaponda miyala ija uwakumbukire anthu a m'mabwato amenewo.

Tsono za matikiti. Wati pali ya m'tchalitchi mokha, pali ya padenga pokha, ndipo pali yophatikiza tchalitchi, denga, nyumba yosungira zinthu zakale ndi malo a pansi pa nthaka amene eni ake amati area archeologica. Watinso padenga ungakwere wapansi kapena pa chikepe, komanso pali ina yodula kwambiri yodumphitsa mzere. Gula yophatikiza, yokwera wapansi. Koma usanalipire, werenga bwinobwino ngati mawu akuti area archeologica alembedwapo. Ngati palibe, isiye, ufune ina.

Ndikuuze chifukwa chake. Mu 2000, chaka cha Jubile, tinapita ku Italy kagulu ka makatekisti ndi akhristu ena, mothandizidwa ndi abwenzi a kumeneko. Titachoka ku Roma tinafika ku Torino komwe uliriko, kukapemphera pamanda a Giuseppe Allamano, amene anayambitsa chipani cha ansembe a Consolata, omwe anabweretsa Uthenga kuno ku Niassa kwathu. Nthawi imeneyo anali Wodala. Papa Francisco anamulengeza kukhala Woyera pa 20 Okutobala 2024, iwe unamva. Ku Milano tinali ndi maola ochepa ndege isananyamuke. Amene ankatitsogolera maso ake anali pa wotchi basi. Anatilowetsa m'tchalitchi, kutizungulitsa mothamanga, kutikweza pa chikepe, kutitsitsa, n'kutilowetsa m'basi. Titangolowa pakhomo lalikulu paja, ndinaona masitepe otsikira pansi ndi anthu awiri atatu akutsika. Mumtima ndinati mwina n'kosungira katundu, ndipo sindinafunse.

Nditabwerera kuno, bambo mfumu wina wachikulire anandifunsa ngati ndinaona pamene anabatizidwira mwini dzina langa. Ndinangoti kukamwa yasa. Anandifotokozera kuti masitepe aja amatsikira ku mabwinja a nyumba yobatiziramo ya San Giovanni alle Fonti, pamene Ambrósio Woyera anabatiza Agostinho Woyera usiku wa Pasaka m'chaka cha 387. Mdzukulu wanga, zaka zoposa 30 ndaphunzitsa akatekumeni pansi pa mtengo wa mango za munthu ameneyu. Ndawauza kuti anali mwana wa ku Africa, wobadwira ku Thagaste, komwe lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria, kuti anawoloka nyanja kukagwira ntchito ya uphunzitsi ku Italy, kuti mayi ake Mónica anamulondola mpaka ku Milano akumupempherera ndi misozi, kuti anabatizidwa pamodzi ndi mwana wake Adeodato ndi bwenzi lake Alípio, n'kubwerera kwawo kumene anadzakhala episkopi wa Hippo. Dzina lake ndi limene ndinalandira pa ubatizo wanga. Ndipo tsiku limenelo ndinadutsa pakhomo pa malowo, mapazi angawa, osadziwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Ulendo wina sindidzaupezanso, mawondo atha, ndipo ndimati ndikakumbuka masitepe aja tulo timandithawa.

Malowo ndi akale kuposa tchalitchi chimene chili pamwamba pake ndi zaka pafupifupi 1,000. Anawafukula bwino m'zaka za m'ma 1960 pamene ankakumba njanji ya pansi pa nthaka. Ukakatsika ukapeza dziwe la miyala la mbali 8, lalikulu loti munthu wamkulu ankatsikiramo m'madzi. Palibe golide, palibe zonyezimira, ndiye alendo ambiri amangosuzumira n'kubwerera. Iwe ukakhalitse. Nawenso ndiwe mwana wa ku Africa amene wawoloka nyanja kupita kudziko lomwelo, ndipo amayi ako kuno akugwada usiku uliwonse monga ankachitira Mónica.

Za padenga, ndati ukwere wapansi. Masitepe ake ndi pafupifupi 250. Mtsikana amene ankasenza ndowa kuchokera kunyanja kawiri dzuwa lisanatuluke sangagonje pamenepo. Chikepe chisiyire okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala miyendo, ndi chawo. Komanso sichifika pamwamba penipeni: ngakhale ife amene tinakwera nacho tinayendabe m'mbali mwa denga n'kukweranso masitepe ena opapatiza. Ndalama yotsalayo ukagule chakudya chamasana, usakayende ndi njala.

Pamwambapo ndi pamene ndinaima kanthawi ngakhale ankatifulumiza. Denga lake si la malata kapena matailosi, ndi miyala yomweyo ya marble yoyalidwa motsetsereka, ndipo umayenda pakati pa nsanja zosongoka 135, iliyonse ili ndi chiboliboli cha woyera pansonga. Nyumba yonseyo ili ndi ziboliboli pafupifupi 3,400. Pamwamba pa zonse pali Amayi Maria, amene a ku Milano amawatchula mwachikondi kuti Madonnina, chiboliboli cha mkuwa wokutidwa ndi golide, chotalika mamita 4 ndi pang'ono, chimene chinaikidwa mu 1774 pa msinkhu wa mamita 108.5 kuchokera pansi. Koma chimene ndinabwera nacho kuno m'mutu si chimenecho. Ndinasuzumira kuseri kwa nsanja ina, pakona poti munthu wa pansi sangaone ngakhale atatukula khosi chotani, ndipo ndinapeza tsamba losemedwa, mitsempha yake yonse ikuoneka ngati tsamba la mpiru. Ndinaikapo dzanja. Mwalawo unali wofunda ndi dzuwa ngati thanthwe loanikapo chinangwa. Mmisiri amene anasema tsamba limenelo ankadziwa kuti wolipira ntchitoyo mwina sadzafika pakona imeneyo, koma analisema mpaka kumaliza. Ukayang'ane kuseri kwa zinthu, osangoti maso ku foni.

Sankha nthawi ya m'mawa, akangotsegula. Dzuwa likakwera m'chilimwe chawo, padengapo pamatentha ndipo mthunzi ndi wosowa. Kukakhala kopanda mitambo ukaona mapiri a Alps chakumpoto. Ngati kwagwa mvula, ponda mosamala, marble wonyowa amaterera ngati matope a kudambo, ndiye uvale nsapato zogwira pansi, osati zazitali zija unavala pa chithunzi cha Khirisimasi.

Tikiti yodumphitsa mzere ija usaigule. Ukalawirira mzere umakhala waufupi, ndipo aliyense amayenera kudutsabe pa alonda osecha zikwama. Ife tinakhalapo tsiku lathunthu pa siteshoni ya Cuamba kudikira sitima ya ku Nampula, ndipo sitinafe. Ndalama imene amakupatsa ya maphunziro si yogulira changu. Gulanso tikitiyo kwa eni ake, pa tsamba la intaneti la Duomo lenilenilo kapena pa ofesi yawo ya matikiti pafupi ndi tchalitchicho. Ogulitsa ena amaonjezapo yawo pamwamba, monga amachitira mavenda a nsomba akafika nazo ku Insaca. Usapite Lachitatu, chifukwa nyumba yosungira zakale ija, imene ili mu Palazzo Reale pambali pa bwalo, imakhala yotseka tsiku limenelo, ndipo ungalipire chinthu chimene sukachiona.

M'kati mwa tchalitchi muli zambiri, sindingakuwerengere zonse. Zipilala zake ndi 52, zonenepa ngati milambe. Kumwamba kwenikweni, kupitirira guwa la nsembe, ukaona kanyali kofiira: pamenepo amasunga msomali umene amaulemekeza ngati umodzi mwa misomali ya pamtanda wa Ambuye, ndipo amautsitsa kamodzi pachaka m'mwezi wa Sepitembala. Koma iwe amene ukuphunzira unamwino, ukafune chiboliboli cha Bartolomeu Woyera chimene Marco d'Agrate anasema mu 1562. Mtumwiyo waima atasendedwa khungu, khungulo walikoleka paphewa ngati nsalu, ndipo mnofu uliwonse ndi mtsempha uliwonse zili poyera. Ine ndinachita mantha n'kuyang'ana kumbali. Iwe ukachiyang'anitsitse, ukandiuze ngati mmisiriyo analondola.

Alonda salola munthu kulowa mapewa kapena mawondo ali pamtunda. Ika m'chikwama chitenje chija anakupatsa agogo ako aakazi ponyamuka, chikakuthandiza. Pabwalo la kumaso kwa tchalitchi ukakumana ndi anyamata ofuna kukumanga kaulusi pamkono kapena kukuthira chimanga m'manja kuti nkhunda zikutere, kenako n'kufuna ndalama. Ambiri ndi ana a ku Africa konkuno amene moyo wawathina. Usawanyoze, uwapatse moni mwaulemu, koma dzanja lako likhale pachikwama chako ndipo upitirire.

Ukafika padziwe lija, ndikupempha chinthu chimodzi. Ima pambali pake, unene pemphero la Ndikhulupirira m'chinenero chathu, pang'onopang'ono, ndipo unditchule dzina pamodzi ndi akatekumeni anga, amoyo ndi amene anatsogola. Ngati amalola kujambula, jambula chithunzi chimodzi chooneka mbali zonse 8, utumize pa foni ya mlongo wako. Ndamuuza kale kuti akapita ku Cuamba akachitsukitse papepala lalikulu, ndidzachipachike pafupi ndi mtanda wa pabalaza.

Agogo ako aakazi akufunsa ngati ufa uja unakatha, ndiponso ngati wapeza juzi lochindikala la nyengo yozizira. Uwayankhe iwowo mwachindunji, akudikira.

Ndine agogo ako aamuna,
kuno ku Amaramba