Galu Wovutika Pokodza: Timpatse Chakudya Chanji?

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino ndafuna kuti ticheze za mlonda wa pakhomo amene salandira malipiro, ndiye galu. Si banja lililonse kuno ku Machinga ndi ku Balaka limene limaweta galu, koma ife amene timaweta ntchito yake timaidziwa. Ndiye amene amauwa fisi akamazungulira khola la mbuzi. Ndiye amene amapirikitsa anyani m'minda ya anzathu okhala m'tsinde mwa mapiri a Chikala ndi Chaone. Ndipo mayi amene bambo a kunyumba kwake ali ku Joni amagona tulo chifukwa akudziwa kuti pabwalo pali wina amene ali maso.

Galu amatchedwa wa abambo kapena wa anyamata, komatu wopala m'poto ndi mayi. Chimene galu adye lero, ndi madzi amene amwe, zonse zimadutsa m'manja mwathu. Pa ntchito yanga yoyendera magulu a amayi ndimalowa m'makomo ambiri, ndipo ndidazolowera kuponya maso pamalo pamene galu amadyera. Nthawi zambiri ndimapezapo nkhoko zouma, mkute wa dzulo, kapena madeya ongowaza madzi pang'ono. Mbale ya madzi ndiyo imasowa, ndipo ikapezeka imakhala youma gwa. Galu wamphamvu amapirira zimenezi kwa zaka. Koma alipo agalu ena amene njira yawo ya mkodzo sichedwa kuvuta, ndipo kwa iwo chakudya chotere ndi chiyambi cha matenda.

Galu wotere mumamudziwa motere. Amakodza kawirikawiri koma timadontho chabe. Amakhala nthawi yaitali akutchima, mwina mpaka kulira. Mkodzo wake umakhala wofiira, wambuu kapena wonunkha koposa masiku onse, ndipo iye amangodzinyambita kunsi. Mayi wina wamasiye wa m'gulu lathu, wa mbali ya ku Ulongwe, adali ndi galu wamphongo amene adayamba chomwechi. Tsiku lachiwiri mkodzo udasiyiratu kutuluka, galuyo adayamba kusanza ndi kukana chakudya, ndipo tsiku lachitatu adafa. Mwezi usanathe, mbuzi ziwiri zimene mayiyo ankadalira pa fizi ya mwana zidasowa m'khola usiku. Nchifukwa chake ndikuti nkhani ya galu ndi nkhani ya chuma cha banja.

Ife okhala pafupi ndi nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe tikaona magazi mu mkodzo timathamangira kunena kuti ndi likodzo, popeza ndi limene timaliona mwa ana athu. Kwa galu nkhani imakhala ina. Mwina tizilombo tosaoneka ndi maso talowa m'chikhodzodzo, ndipo izi zimakonda agalu aakazi. Mwina m'chikhodzodzomo mwamera timiyala. Mwinanso ndi matenda a nkhupakupa, amene amaswa magazi m'thupi nachititsa mkodzo kukhala wofiirira ngati tiyi, uku nkhama za galuyo zitayera. Aliponso matenda a chotupa cha kumalo obisika, amene agalu oyendayenda amapatsirana pokwerana, ndipo chotupacho chimadontha magazi. Matenda anayiwa amaoneka ofanana kwa ife, koma mankhwala ake ndi osiyana. Chakudya chimathandiza pa awiri oyambawo. Enawo amafuna jekeseni wa dokotala.

Nanga miyala imalowa bwanji m'mimba mwa galu? Siichokera panja ayi. Taonani m'ketulo imene mwakhala mukuwiritsira madzi a pamjigo kwa miyezi ingapo: mkati mwake mumamatirira zoyera zolimba. Ndi m'mene zimachitikira m'chikhodzodzo. Mkodzo umanyamula michere yosiyanasiyana imene thupi likutaya. Madzi akachepa, micherezo imaundana, niyamba ngati mchenga, kenaka nikhala timiyala. Galu wamkazi timiyala tating'ono amatha kutitulutsa, chifukwa njira yake ndi yaifupi ndi yotakasuka. Wamphongo njira yake ndi yaitali, yopapatiza, ndipo imadutsa pa kafupa, kotero kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira kangathe kuitseka.

Madokotala a ziweto amati mwa agalu miyala yofala kwambiri ndi ya mitundu iwiri. Woyamba amautcha struvite. Umenewu kawirikawiri umabwera chifukwa cha tizilombo ta m'chikhodzodzo tija, umakonda agalu aakazi, ndipo ungathe kusungunuka pa masabata angapo galu akamamwa mankhwala opha tizilombo ndi kudya chakudya choyenera. Galu wotere sayenera kuchulukitsiridwa mafupa ndi nsomba zaminga. Wachiwiri amautcha calcium oxalate. Umenewu umakonda agalu aamuna achikulire, ndipo palibe chakudya chimene chingausungunule, kotero ukakula amachita kuuchotsa ndi opaleshoni. Galu amene adagwidwapo ndi mwala umenewu asamapatsidwe bonongwe, sipinachi, mbatata kapena ndiwo zotendera nsinjiro, chifukwa zakudya zimenezi zili ndi mchere womwewo umene umaumba mwalawo. Mwaona tsono kuti chakudya chothandiza galu wa mnzanu chingathe kukhala chosathandiza wanu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Yambani mwapimitsa mkodzo, kusankha chakudya kubwere pambuyo.

Ulipo mtundu wina umene ukutikhudza ife odya chimanga. M'chaka cha 1977 madokotala a ziweto adalemba za agalu ambiri a m'midzi ya ku Kenya amene adapezeka ndi timiyala ta mtundu wa mchenga, totchedwa silika, mu impso zawo, ndipo adaganizira kuti gwero lake ndi kudya chimanga chosakonzedwa bwino tsiku ndi tsiku. Agalu athu amadya ngati a ku Kenyawo. Sindikunena kuti tileke kuwapatsa nsima. Ndikunena kuti madeya okhaokha, kapena mankhusu a mpunga amene amapezeka mosavuta kwa anzathu a m'madambo a Chilwa, si chakudya cha galu. Ndiponso tisamamutayire chakudya pansi kuti azidya pamodzi ndi dothi. Phale kapena mbale yakale yotsukidwa bwino ndi yokwana.

Pa mitundu yonseyi, mankhwala amodzi amene amagwira ntchito mosasankha ndi madzi. Galu amafuna mamililita 50 mpaka 60 a madzi patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Galu wathu wamba wolemera makilogalamu 15 kapena 20 amafuna pafupifupi lita imodzi, ndiye kuti mabotolo atatu kapena anayi a Fanta. Umenewo ndi muyezo wa masiku ozizira. Inu mukudziwa m'mene dzuwa limaswera mtengo ku Balaka, ku Utale ndi ku Liwonde mu Okutobala ndi Novembala. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma mwawefuwefu, ndipo potero amataya madzi ambiri. Nyengo imeneyo muyezo uja uwonjezedwe. Ndikudziwa kuti madzi timachita kusenza pamutu, ndipo nthawi ya chilimwe mzere wa pamjigo umatalika. Komabe lita imodzi pa ndowa ya malita 20 ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi mbuzi. Madziwo akhale oyera, aikidwe pamthunzi, ndipo asinthidwe m'mawa ndi madzulo. Madzi otsukira mbale, a sopo, si omwetsa galu.

Madzi akalowa ayeneranso kutuluka. M'matauni mwathu muli chizolowezi chotsekera galu m'kanyumba ka malata kapena kumumanga pa tcheni tsiku lonse, ati kuti aluse usiku. Galu wozolowera ukhondo sakonda kukodza pamene amagona, choncho amaugwira mkodzo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mkodzo wokhalitsa ndi umene tizilombo timaswaniranamo, ndipo ndi momwe mchenga uja umapeza nthawi youndana. Mwana mmodzi apatsidwe ntchito yomumasula katatu kapena kanayi masana, ayende naye pang'ono kuseri kwa nyumba. Ukali wa galu sutha chifukwa choti wakodza.

Tsopano za chakudya cha pakhomo. Lamulo loyamba nlakuti chikhale chamadzimadzi. Nsima muifwafwanye m'madzi ofunda kapena mu msuzi wopanda mchere mpaka ikhale ngati phala, kapena mumuphikire phala la mgaiwa lakelake. Lachiwiri, muikemo kandiwo komanga thupi pa muyezo wochepa: dzira lowiritsa, kanyama, kapena nsomba yophika yochotsa minga. Maungu ophika ndi kabichi ndi zabwino kusakanizamo. Lachitatu, gawo la galu lipatulidwe musanathire mchere, anyezi, adyo ndi tsabola mu mphika. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi a galu ngakhale zitapsa. Matemba a ku Chilwa ndi usipa wouma agalu amazikonda zedi, koma kwa galu wovutika pokodza zikhale zapatalipatali, zoviika m'madzi ndi kuziphika, osati zodzaza dzanja tsiku lililonse. Mafupa a nkhuku ophika musampatse, amathetheka nalasa m'matumbo. Chakudyacho muchigawe pawiri, m'mawa ndi madzulo. Dziwani kuti chakudya chotere nchoteteza ndi kuthandizira mankhwala. Mwala umene wakula kale sichingauchotse.

Anzathu a m'tauni mudzafunsa za chakudya cha m'matumba chogula m'sitolo. Chakudya chouma chija chili ndi madzi pafupifupi magawo 10 okha pa 100, pamene cha m'zitini chili ndi magawo 70 mpaka 80. Ngati galu wanu amadya chouma, muzichiviika m'madzi ofunda chifewe musanampatse. Aliponso matumba apadera opangidwira matenda a mkodzo, monga Hill's Prescription Diet c/d ndi Royal Canin Urinary S/O. Amachokera kunja kwa dziko, mtengo wake ndi wokwera, ndipo amayenera kulembedwa ndi dokotala amene wapima galuyo. Akalemba, galu adye chokhacho, chifukwa mukamawonjezerapo makombo ndalama zanu zangopita m'madzi. Tiana ta agalu ndi galu wabere kapena woyamwitsa sapatsidwa chakudya chosungunula miyala. Musakopeke ndi chithunzi cha galu wonenepa pa thumba. Thumba lodula lopatsidwa kwa galu wolakwika silichiza kanthu.

Kwanga kuli galu wamkazi, dzina lake Tilekeni, amene tsopano wakwana zaka 7. Chilimwe china ndidaona madontho ofiira pamene adakodza. Achinansi ena adati wadyetsedwa, ena adati ndi likodzo. M'mawa mwake ndidatchera kambale koyera pamene ankakodza, ndidathira mkodzowo m'kabotolo kowiritsa, ndipo ndidapita nawo pamodzi ndi galuyo kwa alangizi a ziweto dzuwa lisanakwere. Adapeza kuti ndi tizilombo ta m'chikhodzodzo. Adamwa mankhwala mpaka tsiku lomaliza limene adalamula, ngakhale kuti adaoneka wochira msanga. Kuyambira pamenepo amadya phala lamadzimadzi, ndipo mbale zake za madzi ndi ziwiri, ina pansi pa mtengo wa mango, ina pakhonde. Mukagwira mkodzo wa galu musaiwale kusamba m'manja ndi sopo, pakuti alipo matenda ena amene munthu angatenge mu mkodzo wa nyama.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Galu, makamaka wamphongo, akamatchima koma osatuluka ngakhale dontho, mimba itauma, musadikire kuti muone m'mene kuchere. Njira ikatsekeka impso zimaleka kugwira ntchito, ndipo galu angathe kufa pa masiku awiri kapena atatu. Musamufinye pamimba, chikhodzodzo chingaphulike. Musamumwetse Panado kapena Brufen, chifukwa mankhwala amenewa angaononge chiwindi ndi impso za galu. Pitani naye tsiku lomwelo kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi ya boma, ndipo iwo adzakuuzani ngati pafunika kupita kwa dokotala wa opaleshoni mumzinda. Mukapita, tengerani mwayi womwewo kufunsa za katemera wa chiwewe, amene galu aliyense ayenera kulandira chaka ndi chaka, ndi za mankhwala a nkhupakupa.

Pomaliza ndikupempha atsogoleri a magulu a amayi kuti pa msonkhano wanu wotsatira, mukatha za banki m'khonde ndi za kadyedwe ka ana, mupatule mphindi zochepa za nkhaniyi. Mufunsane kuti ndani ali ndi galu, amadyera pati, ndipo amamwera pati. Ngati nkotheka muitane alangizi a ziweto adzalankhule nanu, ndipo nambala yawo ya foni ilembedwe m'buku la gulu kuti tsiku la vuto isachite kufunidwa. Galu sanena pamene pakumupweteka, amangoyang'ana amene amamupatsa chakudya. Lero lomwe, musanatereke mphika wa madzulo, kaoneni ngati m'mbale mwake muli madzi.