Fumbi Losaoneka

Munthu wokhala mu Lilongwe safunika kuuzidwa za fumbi. Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba, fumbi lofiira limakuta mzinda wonse, kuchokera kumsika wa ku Old Town mpaka kumaofesi a ku Capital Hill. Komabe fumbi limeneli limaoneka ndi maso, ndipo munthu akaliona amatseka zenera. Loopsa ndi lija lobadwira m'nyumba za amisiri, limene diso silitha kuliona.

Kwa zaka zambiri amisiri ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town akhala akusema mlombwa ndi phingo ndi sompho komanso tchizulo. Utuchi wawo umagwera pamapazi, nausesa dzuwa likapendeka. Masiku ano kudabwera makina a laser, amene amazokota ndi kuwala kotentha kwambiri. Makinawa amalemba mayina pazikho, pazikwangwani za maofesi a ku City Centre, ngakhalenso manambala a nyumba pazipata za ku Area 10 ndi Area 43. Ntchito yake imatuluka yosalala ngati sidakhudzidwe ndi dzanja. Koma chimene kuwalako kwachotsa pathabwa kapena pamwala sichisowa ayi. Chimasanduka utsi, mwaye ndi fumbi losalala kuposa ufa woyera, ndipo chimayenera kupita kwinakwake.

Mnyamata wina adaphunzira zimenezi kwa munthu amene sadagwirepo kompyuta. Iye ankayendetsa makina otere m'kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa sitolo ina ku Old Town. Akaweruka, maso amakhala ali psuu, kukhosi kukukanda, koma ankangoti ndi chimfine cha nyengo ya fumbi. Tsiku lina agogo ake aamuna, pochokera kuchipatala, adapatuka kuti aone ntchito ya mdzukulu wawo. Adampeza akuzokota dzina pamwala wa granite wokaika pachiliza. Atatha, adawerama nauzira fumbi ndi pakamwa kuti zilembo zioneke.

"Mwanawe, fumbi ukuuziralo likupita kuti?" adafunsa nkhalambayo.

"Likungouluka, agogo. N'lochepa."

"Nafenso ku Joni tinkati n'lochepa. Tamvera chifuwa changachi."

Mkuluyu adali mmodzi wa Amalawi zikwizikwi amene adapita kumigodi ya golide ya ku South Africa pa Wenela, boma lisanaimitse ulendowo m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown. Pansi pa nthaka adapuma fumbi la miyala, lokhala ndi silica. Fumbi limeneli likalowa m'mapapo silituluka. Limasiya zipsera zimene zimaumitsa mapapo pang'onopang'ono, matenda otchedwa silicosis, amene alibe mankhwala ochiza ndiponso amatsekulira khomo chifuwa chachikulu. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza kuti makampani 6 a migodi ya golide apereke chipukutamisozi cha marandi 5 biliyoni kwa odwala ndi mabanja awo. Koma ndalama sizigula mpweya, ndipo ambiri adali atagona kale kumasano. Mwala wa granite nawo uli ndi silica yemweyo.

Mawu a akulu akoma akagonera, koma mnyamatayu sadadikire kuti agonere. Adapempha mwini malowo kuti agule fani yokoka utsi ndi paipi yoturutsira kunja, kutali ndi zenera ndiponso ndi amayi ogulitsa mandasi pakhonde. Mwini wakeyo adayamba wawiringula za mtengo, koma adagonja ataona kuti mwaye ukudetsa kagalasi kolunjikitsa kuwala, zilembo n'kumatuluka zofooka. Kagalasi kotere kakachita mwaye kamatentha mpaka kusweka, ndipo kena kamachita kuitanitsa kunja. Chimene chifundo chidalephera, thumba lidachita.

Kuchokera pamenepo ntchito idasintha. Makina akaima, mnyamatayo amayamba wadikira kuti fani ikoke utsi wonse asanatsekule chivindikiro. Fumbi la mwala amalipukuta ndi nsalu yonyowa, osauzira kapena kusesa pouma, pakuti tsache limangolidzutsa. Amavala chophimba mphuno ndi pakamwa chopangidwira fumbi losalala, chifukwa kansalu wamba kamalola fumbilo kudutsa. Pathabwa amayamba wamata tepi ya pepala kuti utomoni wa utsi ugwere patepiyo, ndipo akaimatula thabwalo limatsala loyera. Tizidutswa togwera pansi pa makina amatichotsa tsiku ndi tsiku, popeza tikaunjikana timagwira moto. Sachokanso pamakina akamayenda, ngakhale foni italira.

Adaphunziranso kufunsa. Matabwa opanikiza a MDF ali ndi guluu amene utsi wake umawawa m'maso ndi m'chifuwa. Pulasitiki ya PVC, imene amapangira mapaipi ndi zikopa zina zonamizira, ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi wowotcha mapapo ndi kudyetsa makina dzimbiri. Bwana wina wa ku Area 12 atabwera ndi chikwama choti alembepo dzina, mnyamatayo adakana mwaulemu chifukwa sadadziwe chimene adachipangira. Adataya ndalama tsikulo, koma safunsa adadya phula.

Wogula amene amapachika chikwangwani chonyezimira pachipata chake saona utsi umene udatuluka pochilemba. Mwini makina amawerenga phindu, ndipo silicosis imatenga zaka zambiri isanadziulule, nthawi imene wantchitoyo amakhala atachoka kale pamalopo. Achinyamata ambiri amene akutsiriza sukulu adzapeza chakudya chawo m'ntchito zamanja zotere, ndipo n'zonyaditsa. Koma luso la mmisiri lisayesedwe ndi kukongola kwa zilembo kokha. Liyesedwenso ndi kumene wapititsa zimene wachotsa pathabwa ndi pamwala. Makolo adati fumbi ndiwe mwini. Wosasamala mapapo ake ali mnyamata asayembekezere kuti wina adzamsamalira.