Mkazi wosungidwa bwino

Kwathu m'komboni, mkazi akanenepa atakwatiwa, anthu amamuyamikira: "Amuna anu akukusungani bwino!" Makolo athu ali ndi cifukwa cao. Anaona zaka zimene Edzi inali kuondetsa anthu mankhwala asanafike, pamene munthu woonda anali kulozedwa zala. Kunenepa kunasanduka umboni wakuti uli bwino.

Koma pakamwa pomwepo pamatulukanso funso lakuti, "Nanga mwana ali kuti?" Asisi anga anamva mau awiri onsewa kwa zaka 4. Anamwa mizu yowawa, anacezera ku mapemphero. Msambo wao unali kubwera pakapita miyezi 3, ndipo palibe anakayikira thupi limene aliyense anali kulitamanda.

Anafotokoza ndi dokotala wa azimai, ine nditakhala pambali ndi cikwama cao. Mafuta a m'thupi sangokhala cete. Amapanga homoni ya estrogen, ndipo ikaculuka imasokoneza uthenga wocokera ku ubongo wouza dzira kuti likhwime ndi kutuluka. Thupi lonenepa limalekanso kumvera bwino insulin. Iyo ikaculuka m'magazi, mopangidwira mazira mumatuluka mahomoni acimuna ambiri. Mwezi umatha popanda dzira. Dokotalayo anatinso alamu nawo akapimidwe. Apa ndinamwetulira, cifukwa kwathu mlandu wa kusabala umagwera mkazi yekha, ngati kuti mwana amapangidwa ndi munthu mmodzi.

Sanawauze kuti aonde ngati atsikana a pa Instagram. Anati kwa akazi ambiri, kucotsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kumathandiza msambo kubwerera m'malo mwake. Asisi anali ndi makilo 96, ndiye kuti makilo 5 mpaka 10 cabe.

Nkhondo inali ku khichini. Vitumbuwa ndi tiyi wa masupuni 4 a shuga n'zochipa, ndipo zimakhutitsa mpaka masana. Asisi anasiya zakumwa zotsekemera, anacepetsa nsima, n'kuculukitsa cibwabwa, kalembula, nyemba ndi kapenta. Amatsika minibasi asanafike ku nchito kuti ayende pansi mphindi 30, masiku 5 pa mlungu.

Makilo 7 acoka, ndipo msambo wabwera miyezi 3 yotsatizana. Mimba tikali kuyembekezera. Mlungu watha apongozi ao anabwera, anawayang'ana m'khosi, n'kuitanira alamu pambali kuwafunsa ngati ndalama ya ndiwo yacepa panyumba.